Atengeni anawo ku Freedom Park

Achimwene a ku Luchenza, munafunsa ngati n'koyenera kupita ndi ana komanso agogo ku Freedom Park, malo okumbukirapo anthu amene anafera ufulu ku South Africa. Atengeni anawo mukapita ku Pretoria, si malo oopsa ayi. Pakiyi ili pa phiri la Salvokop, ngakhale kwa ife a ku Mulanje ndi kachulu chabe. Lawirirani dzuwa lisanatenthe.

Ndinapitako ndi mlongo wanga. Titafika pa khoma lolembedwa mayina a anthu amene anafa pa nkhondo komanso polimbana ndi tsankho, iye anangoima duu, chala chili pa dzina la munthu wosamudziwa n'komwe. Pamalo opatulika otchedwa Isivivane, polemekezerapo mizimu ya anthu amene anafawo, anthu amavula nsapato, choncho muwauziretu ana kuti pamenepo sathamangapo.

Koma agogo munawatchulawo, amene mchimwene wawo anasowa m'nthawi ya chipani chimodzi, akayamba kusowa tulo pobwerako, musazengereze, kaonaneni ndi aphungu a zamaganizo kuchipatala.