Musathamangire kugula condenser, achimwene

Achimwene, mic ya condenser (mtundu wa mic wotola ngakhale timawu ting'onoting'ono) mukufuna kuyamba nayo studio ya pakhomoyo, dikirani kaye. Ine anandipweteka ndi munthu wina wodzitcha producer, mpaka pano ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Anandiuza kuti studio ya pakhomo ndi mic basi, zinazo n'zongowonjezera, n'kundigulitsa yake ati ndi original. Ndalama zonse zomwe ndinasunga zinathera pomwepo. Zoti condenser siigwira popanda phantom power, magetsi a 48V ochokera mu audio interface (kabokosi kolumikiza mic ndi kompyuta), sananditchulire n'komwe. Yemweyo anandiikiranso pulogalamu yojambulira nyimbo ya FL Studio ya crack (yokuba, yosalipira) pa laputopu, ati "aliyense amagwiritsa ntchito yomweyi."

Ndiye tsiku lojambula lafika. Interface ndachita kubwereka. Mtsikana wina wa mawu okoma kwabasi wabwera ndi mayi ake, mayiwo akhala pampando pakona, chikwama pamiyendo. Mwana wavala mahedifoni, ndadina record, wangoimba mzere woyamba n'kuima. "Ndikudzimva kawiri, mawu akubwera mochedwa." Tayesanso, chimodzimodzi. Buffer, yomwe ikakula mawu amachedwa, munthu uja anaisiya pa 1024, ASIO driver yochepetsa kuchedwako osaika. Thukuta lili kamukamu, ndikungodina paliponse. Titalimbana nazo mpaka wamaliza nyimbo yonse, ndaika kuti timvere. Abale inu! Pansi pa mawu pali kulira kwa magetsi kosalekeza, fani ya laputopu ikumveka, galu wa aneba akumveka, ndipo mwanayo akumveka ngati akuimbira m'bafa. Ndisanasave n'komwe, pulogalamu yatseka yokha, zonse zapita. Mayi aja sanakalipe. Anangoimirira n'kunena kuti, "Tiye mwanangu, kwada." Bola akanandilalatira.

Nditamuimbira mkulu uja sanayankhe. Mawa lake ndi pomwe analemba kuti mic ilibe vuto, vuto ndi chipinda changa. Wakuba wopanda manyazi, mic ija wina ataitsegula anapeza ndi feki, dzina lokha lomata pamwamba.

Komabe za chipinda zija ananena zoona, ngakhale zimandinyansa kuvomereza. Khoma losalala limabweza mawu, ndipo condenser imatola chilichonse. Pachikani mabulangeti okhuthala, imikani matiresi kumbuyo kwa woimba. Makatoni a mazira musavutike nawo, sathandiza kanthu. Ngati kwanu kuli phokoso yambani ndi mic ya mtundu wina wotchedwa dynamic monga Shure SM58, woimba akhale nayo pafupi, phokoso la kutali sililowa kwambiri. Pezani interface yolowa ma mic awiri monga Focusrite Scarlett 2i2, chingwe chabwino cha mic cha XLR, ndi mahedifoni otseka makutu kuti beat isadonthere mu mic. Ma speaker a studio mudzagula m'tsogolo. Pojambula buffer ikhale 128 kapena 256, jambulani pa 24-bit, mawu asafike pofiira, azisewera cha pa -12 dB. Pa mapulogalamu ojambulira, Audacity ndi yaulere, Reaper amakulolani kuiyesa masiku 60. Za crack zitayeni, ndipo muzisave pafupipafupi, kopi ina pa flash.

Musamvere aliyense wokuuzani kuti gula ichi gula icho, ngakhale ine ndemwe. Koma mukapeza condenser yeniyeni ndipo kwanu kuli zii, itengeni, pa mawu a munthu imatulutsa bwino kuposa dynamic, ineyo pano ndi yomwe ndimagwiritsa ntchito. Kungoti wogulitsayo ailumikize pamaso panu, mujambule, mumvere ndi makutu anu, ndiye ndalama zituluke m'thumba.