Æthelberht wa ku Kent: anatembenukadi mtima kapena zinali ndale?

Wowerenga wina wandifunsa pa imelo ngati mfumu Æthelberht ya ku Kent, ufumu wakale wa kumwera chakum'mawa kwa England, inakhulupiriradi Khristu kapena inkangofuna ubale ndi Afulanki a kutsidya la nyanja, kumene lero ndi France. Funsoli limandiwawa, chifukwa limatenga munthu wowerengera phindu lake ngati sangakhalenso wokhulupirira.

Nkhaniyi imayambira kwa mkazi wake. Bertha anali mwana wa Charibert, mfumu ya ku Paris, ndipo akwawo anamulola kukwatiwa ku Kent pokhapokha ngati sadzaletsedwa kupemphera. Anabwera ndi bishopu Liudhard, ndipo ankapemphera m'katchalitchi ka St Martin, kunja kwa linga la Canterbury, kamene mpaka lero anthu amasonkhanamo. Choncho mu 597, pamene Augustine, wotumidwa ndi Papa Gregory, ankakocheza pachisumbu cha Thanet ndi anzake pafupifupi 40, mfumuyi inali itachiona kale Chikhristu pakhomo pake penipeni.

Komabe sinathamange. Bede, mmonke wa ku England amene anamaliza kulemba mbiriyi mu 731, akuti mfumu inakana kukumana ndi alendowo m'nyumba poopa matsenga, inakhala nawo pabwalo. Inawauza kuti mawu awo ndi okoma koma achilendo, singasiye msanga miyambo ya anthu ake. Inangowapatsa malo, chakudya ndi ufulu wolalikira. Munthu wachinyengo sachita mantha otere, amangogwada n'kulandira mphatso. Pofika 601 Gregory ankamulembera ngati mfumu yachikhristu.

Zimene zimandikoka kwambiri ndi malamulo ake, akale kuposa ena onse olembedwa m'Chingerezi chakale, osungidwa m'buku la ku Rochester la zaka za m'ma 1100. Woba katundu wa tchalitchi abweze ka 12, wa bishopu ka 11, wa wansembe ka 9. Nanga woba katundu wa mfumu? Ka 9 basi. Anaika bishopu mlendo pamwamba pa iye mwini! M'malamulo omwewo dzino lakutsogolo lili ndi mtengo wake, mashilingi 6, chala chachikulu chakudzanja mashilingi 20, kuti anthu azilipirana m'malo mobwezerana.

Pamene panavuta

Bede akuti mfumu sinakakamize aliyense kubatizidwa, ndipo mwana wake Eadbald anakhalabe wosabatizidwa. Æthelberht atamwalira mu 616, Eadbald analowa ufumu n'kukwatira mkazi wamasiye wa bambo ake (osati Bertha), London anabwerera kumilungu yakale, mabishopu Mellitus ndi Justus n'kuthawira kutsidya. Mpingo unkadalira munthu mmodzi, Æthelberht. Laurence, bishopu amene analowa m'malo mwa Augustine, anatsala, Eadbald anadzabatizidwa, ndipo mlongo wake Æthelburh anapita ndi bishopu Paulinus ku Northumbria, ufumu wa kumpoto, kumene mwamuna wake, mfumu Edwin, anabatizidwa ku York mu 627.

Ndiye yankho langa ndi lakuti ndale zinalipo, Afulanki anali amphamvu ndipo Kent ankachita nawo malonda. Koma chaubale chokha akanabatizidwa kalekale ndi Liudhard, bishopu wochokera kwa Afulankiwo.