Achimwene, yambani ndi Ken Venturi

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati bondo lakutulutsani m'bwalo nthawi isanakwane, ndipo wailesi ya kwanuko ikufuna muzikathirira ndemanga pa mpira Loweruka lililonse, koma mukuchita mantha poti mukapanikizika lilime limakodwa. Mukufuna munthu amene anadutsa njira imeneyi kuti mutolepo nzeru. Anzathu akutchulirani kale akatswiri a mpira a ku England amene timawaonera pa kanema. Ine ndikupatsani wa gofu, ndiye musathawe msanga. Dzina lake ndi Ken Venturi, wa ku America.

Anabadwa mu 1931 ku San Francisco. Ali mwana anali wachibwibwi kwambiri, moti kuyankha funso m'kalasi inali nkhondo. Gofu anaikonda chifukwa ndi masewera oti munthu utha kusewera wekha tsiku lonse osatsegula pakamwa. Mnyamata yemweyo ndi amene anadzakhala zaka 35 akulankhula pa kanema wa CBS, mpaka anapuma mu 2002. Koma chibwibwi si chifukwa chachikulu chimene ndamusankhira. Ndamusankha chifukwa cha mmene anagonjera.

Pa gofu wopambana ndi amene wamenya mpira kochepa, ndipo mpikisano waukulu umatenga masiku anayi, maenje 18 patsiku. Mu 1956, ku mpikisano wa Masters ku Augusta, Venturi anali ndi zaka 24 ndipo anali asanayambe kusewera molipidwa. Anatsogola masiku atatu onse, nalowa tsiku lomaliza ali patsogolo ndi mashoti anayi. Tsikulo kunali chimphepo, iye anamenya 80, ndipo Jack Burke Jr., amene anadzuka m'mawa ali m'mbuyo ndi mashoti asanu ndi atatu, anamupitirira ndi shoti imodzi yokha. Mpaka lero palibe wosewera wosalipidwa amene anatengapo Masters. Mu 1960 anatsalanso pang'ono pa bwalo lomwelo, Arnold Palmer n'kumulanda chikho pa maenje awiri omaliza. Kenako zinthu zinasokonekera, anatha zaka zingapo osapambana kalikonse, anthu n'kumati watha.

Ndiye kunabwera 1964, mpikisano wa US Open pa bwalo la Congressional, pafupi ndi Washington. Nthawi imeneyo tsiku lomaliza ankasewera maenje 36, m'mawa 18 masana 18, ndipo kunatentha pafupifupi madigiri 38. M'mawa anamenya 66, koma pomaliza anali akunjenjemera, madzi atamuthera m'thupi. Dokotala anamuchenjeza kuti kubwerera m'bwalo kukhoza kumupha. Anabwerera, dokotalayo akumutsata m'mbuyo ndi ayezi ndi mapilitsi a mchere. Anayenda mwapang'onopang'ono ngati nkhalamba yochokera kumunda, namenya 70, n'kupambana ndi mashoti anayi. Pa dzenje lomaliza analibe ndi mphamvu yowerama kuti atole mpira, anamutolera ndi Raymond Floyd, mnyamata wa zaka 21 amene ankasewera naye, misozi ili m'maso. Chaka chotsatira eni mpikisanowo anasiya zosewera maenje 36 tsiku limodzi.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Manja anayamba kuchita dzanzi chifukwa cha vuto la mitsempha ya pamkono, anamuchita maopaleshoni, koma mphamvu yogwirira ndodo sinabwerere bwinobwino. Anasiya mu 1967 ali ndi zaka 36, atapambana mipikisano 14 ya PGA Tour, ligi yaikulu ya gofu ku America. Mukuona kuti nkhani ya bondo lanu si yachilendo.

Tsopano chimene ndikufuna muchite ndi ichi. Pa YouTube, eni ake a Masters anaikapo makanema athunthu a tsiku lomaliza a zaka zambiri zam'mbuyo. Fufuzani wa 1996. Ndi wautali, bandulo ikakhala yoperewera thamangitsani mpaka osewera omaliza afike pa dzenje la 9. Mawu amene mudzamve akutsogolera ndi a Jim Nantz, ndipo wothirira ndemanga pambali pake ndi Venturi.

Greg Norman wa ku Australia anali atamenya 63 tsiku loyamba, ndipo analowa Lamulungu ali patsogolo pa Nick Faldo ndi mashoti asanu ndi limodzi. Aliyense ankati jekete yobiriwira, imene amaveka wopambana, yapeza mwini. Pa dzenje la 9 mpira wake unatera pakapinga kosalala kozungulira dzenje, koma unaperewera pang'ono, n'kuyamba kubwerera wokha, kutsetsereka mpaka kumunsi kwa chitunda, iye akungouyang'ana. Anatayanso shoti pa dzenje la 10 ndi la 11. Pa 12 mpira unagwera mu kamtsinje ka Rae's Creek. Pa 15 anatsala pang'onong'ono kulowetsa kuchokera kunja kwa kapinga, mpira unapsepsa m'mphepete mwa dzenje, iye n'kugwada n'kugwa chagada. Pa 16 m'madzinso. Anamaliza ndi 78, Faldo 67, ndipo m'malo mosangalala modumpha Faldo anangomukumbatira.

Muonere mukudziwa kuti bambo amene ali ndi maikolofoniyo anagwa chimodzimodzi pa bwalo lomwelo zaka 40 m'mbuyomo. Palibe wina m'chipinda choulutsira amene akanadziwa bwino zimene zinkachitika m'mimba mwa Norman. Tcherani khutu pa zinthu ziwiri: nthawi imene akulankhula, ndi nthawi imene wangokhala chete. Mkulu amene ankayendetsa zoulutsa gofu ku CBS, Frank Chirkinian, ankadziwika ndi kukalipira muulutsi aliyense wouza anthu zimene akuziona kale ndi maso awo. Ndiye Venturi anazolowera kulankhula mpira usanamenyedwe: apa mpira wakhala motere, mphepo ikuchokera uku, malo osayenera kuphonyera ndi awa. Ukamenyedwa, ankasiya chithunzi chilankhule. Kwa munthu wachibwibwi kalankhulidwe kameneka n'kothandiza, chifukwa ndi ziganizo zazifupi, zoti wazikonza kale m'mutu pamene wosewera akuyenda.

Apa mpomwe pali chuma chanu, achimwene. Wailesi ili kale ndi munthu wofuula kuti mpira uli ndi uje, wapatsira uje. Inu sanakuitanireni zimenezo. Akuitanani chifukwa munaimapo pa penate miyendo ili zii, munamvapo mmene mpweya umathera mphindi 20 zomaliza, mukudziwa chifukwa chake wotchinga kumbuyo amachedwa kutembenuka akapatsidwa kale kadi yachikasu. Osewera akale ambiri akapatsidwa maikolofoni amakonda kukamba za masiku amene anawala. Omvera amatopa nazo msanga. Chimene satopa nacho ndi munthu wowafotokozera chifukwa chake katswiri waphonya pagolo popanda goloboyi, mosamunyoza komanso mosamubisira.

Ndisakunamizeni kuti Venturi anali wangwiro. Zaka zake zomaliza ankabwerezabwereza mawu omwewomwewo, ndipo kwa ine ankawamvera chisoni osewera mopitirira, moti nthawi zina shoti yoipa inkadutsa osaitchula kuti ndi yoipa. N'chifukwa chake mukamaliza iyeyo mumverenso Johnny Miller, amene anamenya 63 tsiku lomaliza n'kutenga US Open ya 1973 ku Oakmont, kenako n'kukhala wothirira ndemanga pa kanema wa NBC kuyambira 1990 mpaka 2019. Miller analibe nazo manyazi, ankanena poyera kuti wosewera wagwidwa ndi mantha, ndipo osewera ambiri ankamuda nazo. Oonera ankamukonda. Ine ndingakonde mutenge mtima wa Venturi ndi kulimba kwa Miller pang'ono, koma musaiwale kuti Miller ankadzudzula anthu amene sakumana nawo pamsika. Inu anyamata amene muziwaunikawo ena munkagona nawo chipinda chimodzi ku kampu, ndipo amayi awo akumvera. Dzudzulani chisankho, osati munthu: nenani kuti akanapatsira kumanzere kunali mnzake ali yekha, musanene kuti alibe mutu.

Chinanso, gofu ya pa kanema imalola kukhala chete, wailesi siilola. Ndiye musatengere zonse. Chimene mungatenge ndi kudziwa malo anu. Gwirizanani ndi muulutsi mnzanuyo musanalowe kuti inu muzilowa mpira ukatuluka kunja, wina akavulala, akamakonza khoma la firikiki, ndi pa hafu taimu. Mukadziwa kuti nthawi yanu ikubwera, lilime silidzidzimuka. Ndipo likakodwa, imani, pumani, malizani chiganizocho. Osapepesa.

Mwina mungafune kudziwa kumene mpando wa Venturi ku CBS unapita. Venturi atapuma unapita kwa Lanny Wadkins, kenako kwa Faldo yemwe uja, amene ali wosewera ankadziwika kuti salankhula ndi munthu m'bwalo ndipo sankamwerana madzi ndi atolankhani. Anadabwitsa anthu atasanduka wanthabwala pa maikolofoni, nakhalapo mpaka 2022. Kuyambira 2023 pakhala Trevor Immelman wa ku South Africa, amene anatenga Masters ya 2008 patangopita miyezi inayi chimuchitireni opaleshoni yochotsa chotupa. Venturi anamwalira mu May 2013, patangotha masiku ochepa dzina lake litalowa m'gulu la akatswiri olemekezeka a gofu padziko lonse. Pa mwambowo sanapiteko, anali kale m'chipatala.

Loweruka likubwerali pemphani wina akujambulireni pulogalamu yonse pafoni. Mukamvetsere nokha Lamulungu, cholembera chili m'manja, muzichonga paliponse pamene mwangobwereza zimene mnzanu wanena kale. Mukafuna khutu lachiwiri, nditumizireni kumbali ndimvere nawo.