Yankho kwa achimwene ofunsa za kugwa kwa masheya

Achimwene, mwafunsa kuti kampani ikupanga phindu ngati kale, fakitale ili pomwepo, antchito akupita kuntchito, nanga mtengo wa masheya ake (magawo a umwini wa kampaniyo) ukugwa bwanji tsiku limodzi lokha? Ndaona ena akukuyankhani kuti ndi akuluakulu andalama amene akuseweretsa msika. Nthawi zina zimatero, koma kawirikawiri chimayambitsa ndi mantha a anthu ngati ife tomwe.

Mtengo umene mumauona pafoni uja ndi umene wogula womaliza anagwirizana ndi wogulitsa womaliza, basi. Tiyerekeze kuti kampani ili ndi masheya 1 miliyoni, koma lero agulitsidwa 5,000 okha. Anthu ochepa amene agulitsana lerowo ndi amene aika mtengo wa masheya onse. Akadzuka ndi mantha, ogula n'kuima kaye pambali kuti aone mmene zithere, wogulitsa amatsitsa, n'kutsitsanso, mpaka wina avomere. Kufakitale makina akulira ngati dzulo, koma pafoni nambala zafiira.

Nanga manthawo amakula chonchi chifukwa chiyani? Akatswiri awiri a kaganizidwe ka anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anafotokoza mu 1979 kuti kuluza ndalama kumapweteka kwambiri kuposa mmene kupindula ndalama yomweyo kumakondweretsera. Pambuyo pake anapeza kuti ululuwo umakhala pafupifupi kawiri. Ine izi ndinazionera pa ine ndemwe mu Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utavuta. Ndinagula masheya oti ndisunge zaka khumi, ndipo ndinkadziwa bwinobwino zimenezo. Koma usiku tulo osabwera, foni ili m'manja, ndikungotsegula n'kutseka, chala chikuzungulira pa batani logulitsira. Ndinagulitsa theka, mtima n'kukhala m'malo kwa masiku ochepa. S&P 500 ya ku America, yomwe ndi muyeso wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu 500, inagwa pafupifupi 34 peresenti kuyambira pa 19 Febuluwale kufika pa 23 Malichi, koma pofika Ogasiti inali itabwerera n'kupitirira pomwe inali. Ndinadzagulanso masheya omwewo mokwera mtengo. Mpaka lero ndikakumbukira ndimangopukusa mutu.

Tsono mantha akangoyatsa moto, pali zinthu zina zimene zimaukupizira. Pali anthu amene amagula masheya ndi ndalama zangongole. Mtengo ukatsika kufika penapake, wowabwereka amawauza kuti awonjezere chikole, apo ayi masheya awo agulitsidwa, afune asafune. Palinso amene anaikiratu lamulo loti mtengo ukafika pakutipakuti kompyuta igulitse yokha. Aliyense akagulitsa amatsitsira mnzake mtengo, mnzakeyo n'kukakamizikanso kugulitsa. Pa 19 Okutobala 1987, Dow Jones, muyeso winanso wa mitengo ya masheya ku America, inagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi. Mwa zina zimene zinakulitsa vutolo ndi makompyuta amene anakonzedwa kuti azigulitsa mitengo ikamatsika.

Ina yoseketsa koma yomvetsa chisoni inachitika pa 23 Epulo 2013. Akuba a pa intaneti analowa mu akaunti ya Twitter ya bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press n'kulemba bodza loti ku White House kwaphulika mabomba ndipo Barack Obama wavulala. M'mphindi zochepa Dow inatsika ndi mapointi pafupifupi 140, kenako inabwerera bodzalo litadziwika. Panalibe nthawi yofunsa ngati nkhaniyo inali yoona. Aliyense ankangofuna kutuluka anzake asanatuluke, ndipo m'mene ndimaonera ine, mutu wa nkhani yonse uli pamenepa. Munthu samagulitsa chifukwa choti kampani yaipa, amagulitsa poganiza kuti ena agulitsa.

Pokwera n'chimodzimodzinso, kungoti woyendetsa amakhala dyera ndi kansanje. Kuona mnzako wapha makwacha iwe uli chikhalire kumaswetsa mtima. Mu Januwale 2021 sheya ya GameStop, kampani yogulitsa magemu a pakompyuta ku America, inachoka pansi pa madola 20 n'kufika madola 483 pa 28 Januwale, anthu akukokana mwachigulugulu pa tsamba la pa intaneti la Reddit, uku amene anabetcha kuti igwa pogulitsa masheya obwereka akukakamizika kuwagulanso kuti adzipulumutse. Sabata isanathe inali pansi pa madola 100. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo amene anapsa kwambiri ndi olowa mochedwa.

Eni misika nawonso amadziwa kuti mitu imatentha. Ku America, S&P 500 ikagwa ndi 7 peresenti tsiku limodzi, malonda amaimitsidwa kwa mphindi 15 kuti anthu apume. Mu Malichi 2020 zimenezi zinachitika kanayi.

Ndiye inu achimwene, musanakhudze batani lija, werengani lipoti lomaliza la kampaniyo muone ngati phindu, ngongole zake kapena malonda ake zasinthadi. Mutiuzenso ngati munagula ndi ndalama zanu kapena zobwereka, ndiponso ngati mukuzifuna posachedwa, chifukwa zochita zake zimasiyana kwambiri pamenepo.