Kodi sipiriti akasefedwa pa buledi angamwedwe?

FUNSO: Ine ndimameta tsitsi pamsika wina ku Blantyre. Ndimagula sipiriti wa pepo uja wopukutira mashini. Sabata yatha ndinapeza mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito akuthira sipiritiyo pa buledi, pansi pakudontha madzi oyera mbee. Akuti anzake anamuuza kuti poizoni amatsalira m'buledimo, ndiye otsalawo ukhoza kumwa. Ndinamulanda n'kutaya. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga ngati uli mowa, amauwonongeranji dala? Wometa, Blantyre.

YANKHO: Achimwene, munachita bwino kwambiri kutaya. Anzakewo anamunamiza. Buledi amangogwira utoto, chakupha chija chimadutsa limodzi ndi madzi oyerawo. Makala, nsalu, thonje, zonsezo n'chimodzimodzi.

Mowa umene uli m'botolo lanulo ndi ethanol, yemweyo amene amaledzeretsa mu kachasu. Kwathu kuno amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuchokera ku molasesi, manyuchi akuda otsala popanga shuga. Tsono nkhani yagona pa msonkho. Maboma amadula msonkho waukulu pa mowa wakumwa, koma ethanol amafunikanso kwa opanga penti ndi vanishi, m'zipatala, ndi kwa inu ometa. Onsewa akanati azilipira msonkho wa mowa, kabotolo kanuko simukanakakwanitsa. Ndiye lamulo limati: tengani mosalipira msonkhowo, koma muyambe mwathiramo zinthu zoti munthu asamwe. Dziko la Britain linayamba zimenezi mu 1855, America mu 1906.

Chothiramo chakalekale ndi methanol, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo dzina loti methylated lolembedwa pabotolopo likuchokera pamenepo. Utoto wa pepo ndi chenjezo chabe. Pomwe ndinkaphunzitsa sayansi ku sekondale ndinkaika mabotolo awiri patebulo, lina la ethanol lina la methanol, n'kuuza ana kuti aloze la poizoni. Ankayang'anitsitsa, ena kulipenyera padzuwa, koma palibe ankasiyanitsa. Onse awiri ngoyera ngati madzi a pampopi, ndipo akasakanikirana palibe sefa ya pakhomo imene ingawalekanitse. Ngakhale kutcheza ngati kachasu sikuchotsa yense.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi kachitidwe kake m'thupi. Munthu akamwa amangoledzera monga mwa masiku onse, n'kukagona. Usiku wonse chiwindi chili kalikiliki kusandutsa methanol uja kukhala asidi wotchedwa formic acid, amene amawononga mtsempha wa maso ndi kuwawasitsa magazi. Pakatha maola 12 mpaka 24, kapena kupitirira apo, m'pamene mutu umayamba kuwawa, kusanza, m'mimba kupota, kupuma mwabefu, maso kuona ngati kwagwa nkhungu. Abale amati ndi matsire, amusiye agone. Methanol wosasungunula wokwana mamililita 10, masupuni awiri a tiyi, akhoza kuchititsa khungu losachira. Mamililita 30 akhoza kupha.

Pano ndinene maganizo anga. Ine sindigwirizana ndi zoteteza msonkho ndi poizoni, chifukwa amene amamwa sipiriti si wolemera wozemba msonkho, ndi mmphawi kapena mwana wonamizidwa ngati wanuyo. Ku America, mowa utaletsedwa kuyambira 1920 mpaka 1933, akuba ankatenga mowa wa m'mafakitale n'kumagulitsa. Boma linayankha powonjezera methanol cha mu 1927, ndipo anthu ambiri anafa. Dokotala wamkulu wopima mitembo ku New York, Charles Norris, anadzudzula boma poyera. Njira yabwino ilipo. Mu 1958 ku Edinburgh anatulukira denatonium, mankhwala owawa kuposa ena onse odziwika. Masiku ano lamulo la European Union limati pa malita 100 a ethanol athiremo lita imodzi ya isopropyl, lita imodzi ya methyl ethyl ketone, ndi galamu imodzi yokha ya denatonium. Umenewonso si wakumwa, koma lilime limaukana usanafike kukhosi. Botolo la pamsika simungalidziwe kuti muli chiyani, choncho lililonse lioneni ngati muli methanol.

Mnyamatayo mukhale naye pansi lero, mumufunse mofatsa ngati anamwapo kale, ndiponso anzake amene anamuphunzitsawo ndi ndani, chifukwa iwowo ndiye ali pangozi yaikulu. Wina akamwa, musadikire zizindikiro, musamusanzitse, musamupatse mkaka kapena kachasu poti ndi mankhwala. Thamangirani naye kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, botolo lili m'manja, mukawauze madokotala nthawi imene anamwa. Akafika msanga pali mankhwala oletsa chiwindi kupanga asidi uja, ndipo zikavuta amasefa magazi ndi makina. Sipiriti wanuyo muzimusunga m'botolo lake lomwelo lolembedwa, osati la zakumwa, ndipo poweruka muzimukiyira m'kabati.