Akumuopseza ndi chithunzi chake, mphunzitsi atani?

FUNSO: Ndimaphunzitsa kusekondale. Mnyamata wina wa zaka 15 wandiululira kuti anatumiza chithunzi chake ali maliseche kwa "mtsikana" yemwe anadziwana naye pa Instagram. Pano akumuopseza kuti akapanda kutumiza ndalama, achimwaza kwa anzake onse. Aphunzitsi anzanga akuti timulande foni ndi kumupatsa chilango. Titani?

YANKHO: Aphunzitsi, chilangocho chilekeni. Mwanayu ndi wolakwiridwa, ndipo mukamulanga, ana ena amene ali m'khoka lomweli sadzatsegulanso pakamwa.

"Mtsikanayo" nthawi zambiri kulibe. Amakhala munthu wamkulu amene waba zithunzi za wina n'kutsegula akaunti yabodza. Amayamba ndi kumuyamikira mwana, kenako amati akachezere pa Snapchat kapena pa WhatsApp, n'kuyamba ndi iye kutumiza chithunzi kuti mwanayo abwezere. Chikangofika, mawu amasinthiratu. Amamuonetsa mayina a anzake ndi abale ake omwe wawatapa pa akaunti yake, n'kumupatsa maola owerengeka. Zonsezi zimatha kuchitika usiku umodzi. Ambiri amayesa kuti ndi vuto la atsikana okha, koma apolisi ofufuza milandu a FBI ku America akhala akuchenjeza kuti m'chinyengo chofuna ndalamachi amene amakodwa kwambiri ndi anyamata a zaka 14 mpaka 17.

Mwanayo asalipire ngakhale pang'ono, chifukwa wolipira amauzidwa kuti awonjezere. Asayankhenso, komanso asafufute kalikonse. Ajambule screenshot ya mauthenga oopsezawo, dzina la akaunti ndi nambala imene auzidwa kutumizako ndalama. Izi zichitike lero lomwe: pa WhatsApp munthu amatha kutchera mauthenga kuti azifufutika okha pakatha maola 24. Umboni ukasungidwa, apange lipoti pa pulogalamuyo ndi kumubuloka womuopsezayo.

Apa mpamene aphunzitsi ambiri amaphonya. Chithunzicho inu musachione, musachikopere m'foni mwanu, musachitumize kwa aliyense, ngakhale kwa ahedi. M'mayiko ambiri kusunga kapena kutumiza chithunzi chotere cha mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu, kaya cholinga chinali chabwino. Lembani papepala zimene wakuuzani, m'mawu ake omwe, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi.

Pali chida chaulere chotchedwa Take It Down cha NCMEC, bungwe loteteza ana la ku America. Chimapanga kachizindikiro ka chithunzicho m'foni mwa mwanayo momwemo, chithunzi osatulukamo, ndipo Facebook, Instagram ndi TikTok amagwiritsa ntchito kachizindikirako pochitchinga. Sichifika m'mauthenga a pa WhatsApp, choncho musamulonjeze kuti zonse zatheratu.

Musamulonjezenso chinsinsi. Muuzeni mosabisa kuti ahedi, makolo ndi apolisi ayenera kudziwa, ndipo mudzakhalepo powauza makolowo. Manyazi a nkhani zotere achititsa ana ena kudzipha, ndiye mufunseni mwachindunji ngati maganizo amenewa akumubwerera. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akavomera, asakhale yekha usiku uno, ndipo akaonane ndi azachipatala mwamsanga.