Ndalama za mayi musamazidutsitse pa foni yanu

Achemwali a ku Chitakale, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mayi anu anadwala sitiroko chaka chatha, anakusainirani kalata ya power of attorney, yokupatsani mphamvu yochita zinthu m'malo mwawo, kuti muziyendetsa ndalama zawo za penshoni ya ku esiteti komanso za tiyi wa m'munda mwawo, nde inu mumakatapa ndi khadi lawo la ATM kapena kukankhira mu Mpamba mwanu n'kumagulira mankhwala, fetereza ndi ndiwo. Pano achimwene anu a ku Johannesburg ayamba kulalata pa gulu la WhatsApp la banja kuti mukudya ndalama za mayi, ndipo mukufuna kudziwa ngati kalatayo ikukutetezani.

Ikukutetezani pang'ono chabe, ndipo mmene mukuchitiramu mukuifooketsa nokha.

Kalata imeneyo inakusandutsani wotumidwa basi, ndalama zikadali za mayi mpaka tambala yomaliza. Pa lamulo wotumidwa amayenera kusunga ndalama za womutuma padera osasakaniza ndi zake, ndipo tsiku lina lililonse akafunsidwa azitha kuonetsa komwe ndalama iliyonse inapita. Apa nde pomwe anthu abwinobwino amagwera. Nkhaniyi ikafika ku khoti kapena ku polisi sayambira kufunsa kuti ndani amachapa zofunda za wodwala, amayambira pa sitetimenti ya ku banki, ndipo sitetimenti yanu ikuonetsa chinthu chimodzi chokha, ndalama kuchoka mu akaunti ya gogo wodwala kupita pa nambala ya mwana wake mwezi ndi mwezi. Wofotokoza zotsatirazo ndinu, achimwene aja ntchito yawo ingokhala kuloza chala.

Ndinagwirapo nkhani ya mayi wina wa ku Thyolo amene anasamala amalume ake zaka zinayi, kuwasambitsa, kuwanyamula pa kabaza kupita nawo ku chipatala, zonse. Ndalama za amalumewo ankaziika pa foni yake, foni yomweyo yomwe ankalandirirapo ndalama za nthochi, kulipirapo banki mkhonde, fizi ya ana ndi mayunitsi. Anabwera ku ofesi ndi jumbo yodzaza malisiti, titakhuthulira pa tebulo theka anali mapepala oyera mbee, sinanga malisiti a pa makina aja amafufutika okha akakhalitsa malo otentha. Loya wa mbali inayo sanavutike nkomwe, anangoloza mzere umodzi n'kufunsa kuti K40,000 iyi munagulira chani, mayi uja kukhala chete, aloza mzere wina, chete. Ine mumtima ndinkadziwa kuti sanabe, koma zomwe ndikudziwa ine si umboni. Anamaliza ndi kuvomera kubweza ndalama zomwe mwina sanadye nkomwe, kuti nkhani ingotha. Sindikunena kuti zanu zikathera pomwepo ayi, nkhani zimasiyana ndipo kope lolembedwa bwino ndi mboni zimatha kupulumutsa munthu, koma njira mwatengayi ndi yomweyo.

Za khadi la ATM nazo siyani. Khadi ndi PIN banki inapereka kwa mayi anu okha, nde mukatapa inu, m'mabuku a banki zimaoneka ngati mayi adzuka pa mphasa n'kukatapa okha usiku. Ndalama zikadzasowa a banki adzangoti mwini akaunti anaulula PIN, ife sizikutikhudza. Tengani kalata yeniyeni ija osati fotokope, chiphaso cha unzika chanu ndi cha mayi, mukapemphe ku banki kuti akulembeni ngati wosainira pa akauntiyo. Mabanki ambiri ali ndi fomu yawoyawo yomwe amafuna isainidwe ngakhale muli ndi kalata ya loya, ndipo musadabwe wapakauntala akakuuzani kuti bwerani ndi mwini wake, ngati kuti munthu wa sitiroko angokwera minibasi. Zimanditopetsa zimenezi. Musakangane naye, pemphani kuonana ndi manejala, perekani pempho lanu polemba ndipo akudindireni kope lanu. Akapitiriza kukuzunguzani lembani dandaulo ku banki komweko, likakanika pali Reserve Bank of Malawi yomwe imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki.

Musanagule chinthu chachikulu werengani kalatayo kaye. Ngati ikungonena zotapa penshoni ndi kulipira zosowa za mayi, ilibe mphamvu yogulitsira munda wa tiyi, kukhoma malata pa nyumba yanu kapena kubwereketsa msuweni mpamba wa geni ku Limbuli, olo mayi atavomera ndi mutu. Mphatso kwa inu mwini kapena kwa ana anu nde ayi ndithu, pokhapokha mayi alembe kapena adinde chala pamaso pa mboni yomwe sikudya nawo.

Pogula, komwe kuli kotheka lipirani kuchoka ku akaunti ya mayi kupita kwa wogulitsa mwachindunji, ku famase, ku hadiweya, kwa ogulitsa fetereza, ndipo lisiti alembe dzina la mayi. Lijambuleni pa foni tsiku lomwelo lisanafufutike. Zapamsika zopanda lisiti monga usipa, makala, kabaza ndi aganyu otchola tiyi, tapani ndalama yochepa ya sabata imodzi n'kumalemba mu kope la sukulu tsiku, chinthu ndi mtengo, waganyu azisaina. Mukasaina pepala lililonse lembani kuti mukusaina m'malo mwa mayi, apo bii ngongoleyo adzakulondolani nayo inu. Mukagula ndi ndalama zanu n'kudzibwezera, lembaninso momwemo tsiku lomwelo. Ndipo oimba foni aja oti ndife a ku banki kapena a Airtel Money titumizireni nambala yomwe yabwera pa foni, dulani, ndalama za mayi zikapita mwa njira imeneyo abale sadzamva zoti munapusitsidwa.

Za miyezi yapitayi musabise kapena kupeka malisiti, zimenezo nde zingakumangitseni zenizeni. Katengeni sitetimenti ya ku banki ndi ya Mpamba, khalani pansi mulembe zomwe mukukumbukira moona, pomwe mwaiwala lembani kuti mwaiwala. Kenako muziponya chithunzi cha kopelo pa gulu lija mwezi uliwonse, achimwene a ku Johannesburg awerenge, mwina aonanso kuti mankhwala a BP amagulidwa ndi ndalama osati ma voice note.

Dziwaninso kuti kalata yamtunduwu kawirikawiri imagwa mayi akafika posazindikira zinthu, pamenepo mufunika loya ndipo mwina chilolezo cha khoti, ngati ndalama palibe yambirani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa za malamulo anthu osakwanitsa kulipira loya. Ndipo tsiku lomwe mayi adzatisiye kalatayo idzathera pomwepo, musadzatape olo ya bokosi, olo amalume akukakamizeni bwanji pa siwa. Kuyambira ola limenelo ndalamazo ndi chuma chamasiye, chimayendera lamulo la 2011 la Deceased Estates lomwe limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu, nde mukadziwitse banki, musunge khadi ndi kope lija, n'kupita kwa DC ku boma kapena kwa Administrator General, ofesi ya boma yoona za chuma chamasiye, kuti akuuzeni zoyambira.